Khasu la Apongozi

Bokosi lija linakhala pakhonde sabata ziwiri osatsegulidwa, ndipo sabata ziwiri zonsezo Veronika ankalilambalala posesa, osalikhudza n'tsache lomwe. Linali bokosi lamatabwa, lolemera moti polichotsa kusiteshoni ya Mtakataka anachita kulisenza pamtengo amuna anayi, akupumula pamthunzi uliwonse.

"Bambo a Kadzuwa," anatero Veronika m'mawa wina akutula mtsuko, "kuchitsime anthu sakundimwetsa madzi. Ena akuti muli makina osokera, ena akuti galamafoni. Ndiziwayankha chiyani?"

"Muziwauza kuti muli ntchito yanga," anayankha mwamuna wake Simeoni, maso ali pansi.

"Ntchito yogona pakhonde? Ndakudikirani zaka zisanu ndi chimodzi, anzanga akundiseka kuti ndine mkazi wa mtchona. Lero mwabwera ndi chinthu choti eni akenso mukuopa kuchitsegula."

Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka dothi la pamphuthu linayoyoka. Kadzuwa, mwana wawo mmodzi yekhayo, anasuzumira kuseri kwa nyumba, anamuyang'ana Simeoni mmene mwana amayang'anira mlendo, n'kuthamangira kwa agogo ake.

Simeoni anayang'ana bokosi lija. Akanayankha ndani? Pamudzi paja iye anali mkamwini, ndipo mkamwini pamudzi pa eni ake ngakhale kutsokomola amatsokomola motsitsa. Kwawo kunali ku Golomoti, koma kwawoko kunangotsala dzina. Mai ake anapita ndi njala ya 1949, alongo ake anabalalika, nyumba inagwa. Njala yomweyo ndi imene inamutulutsa chaka chotsatira kupita ku Buluwayo, kusiya Veronika ali woyembekezera. Kumeneko anayamba ndi kusesa m'galaja, kenaka kugwirira anzake zitsulo, mpaka anaphunzira kuwotcherera, ntchito yolumikiza ndi moto chitsulo chothyoka. Dzanja lake linali labwino, mabwana amene ankavomereza. Koma madzulo aliwonse, akudya yekha m'kachipinda ka malata, ankalumbira chinthu chimodzi: akadzabwerera kumudzi sadzachokanso. Ntchitoyi adzainyamula, azikaigwirira pakhomo, pamene angamamve mwana wake akuseka.

Tsiku logula makina owotcherera, m'sitolo anamuonetsa mitundu iwiri. Ena anali a mpweya, okhala ndi mabotolo awiri aatali. Amenewa safuna magetsi, koma mpweya ukatha botolo limakwera sitima kukadzazidwa kutali, mwini wake n'kutsala mwezi wathunthu manja ali lende. Ena anali a magetsi, ongofuna moto wokwanira ndi timitengo tachitsulo tosungunulira pamalo pothyokapo. Simeoni akanatenga a mpweya. Chinamutembenuza ndi kalata imene inali m'thumba mwake, yochokera kwa a Kaliati, atsibweni a Veronika, eni mbumba. A Kaliati anagwirapo ukapitawo kwa Mzungu wina wa thonje, ndipo Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira injini ya magetsi. "Za moto musade nazo nkhawa," inatero kalata ija. "Injini ilipo kuno, yoopsa. Ikalira, mdima umathawa wokha."

Atafika kumudzi, m'mawa mwake momwe anapita kukaiona. Anaipeza m'khola lakale la mbuzi, itafundidwa mphasa, thadzi litaikira mazira m'munsi mwake. Anapukuta kachitsulo kolembedwa manambala, anawerenga, anawerenganso. Kanali kainjini kounikira nyumba basi.

"Mwaiona nyamayo, akamwini?" anafunsa a Kaliati akuisisita pamsana.

"Ndaiona, bambo. Ndi yabwino ndithu. Koma kapena moto wake ungachepe pang'ono. Makina angawa ndi osusuka. Injini iyi imadyetsa mababu makumi awiri, pamene iwo amamwa moto wa mababu zana."

"Mababu zana? Inu mukufuna kulumikiza makasu kapena kuunikira boma lonse la Dedza? Ine injini iyi ndaipukusa zaka zisanu ndi zitatu. Mzungu amene ankaivulira chipewa. Ndiye mwana wa dzana mundiuze kuti ndi yochepa?"

"Iyayi bambo, sindikutero."

"Ndiye katseguleni bokosilo. Kapena mwatinyamulira miyala ya ku Buluwayo?"

Apa ndiye Simeoni analakwa, tisamubisire. Akanaima nji pa mawu ake, akanangotukwanidwa tsiku limodzi nkhani n'kutha. Koma iye anaomba m'manja mwaulemu n'kubwerera, n'kuyamba kuzengereza, lero mutu, mawa msana. N'chifukwa chake bokosi linagona pakhonde, ndipo ngakhale mkazi wake sanamuuze zoona, poti kunena kuti injini ya atsibweni ndi yochepa kunali ngati kunena kuti atsibweniwo ndi ochepa.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mpanda wa bango, ndipo kuseri kwa mpandawo kunkakhala apongozi ake, aNyamazizi, mai a Veronika, amene anali amasiye. Chikwatire zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, Simeoni anali asanalankhulane nawo, ngakhale kuwaona kumaso. Sichinali chidani ayi, ndi mwambo: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire, ngakhale muli chitedze. Mawu onse ankadzera mwa Veronika. Simeoni ankawadziwa apongozi akewo ndi chifuwa chawo cha m'mawa, ndiponso nsalu yawo yabiriwira ikamazimirira kuseri kwa nkhokwe. Mumtima ankati amamuda. Angalekerenji kumuda munthu amene anasiya mwana wawo akubereka yekha, akulima yekha?

Tsono m'mawa wa tsiku la khumi ndi chisanu, potuluka m'nyumba, anapeza chinthu chili pamwamba pa bokosi. Linali khasu lothyoka pakhosi, zidutswa ziwiri zomangidwa pamodzi ndi luzi.

"Ndi la amayi," anatero Veronika atalitembenuza, mawu atatsika. "Linali la malemu bambo. Linathyoka mwezi watha pachitsa, ndiye amayi akhala akubwereka kwa anthu. Ine sanandiuze kanthu kuti alibweretsa."

Simeoni analigwira khasu lija nthawi yaitali. Mpini wake unali wosalala, utadyeka pamene pamagwira manja. Pamudzi ponse paja, munthu mmodzi yekha ndiye anakhulupirira kuti m'bokosimo muli ntchito, ndipo anali munthu amene iye sakanatha kumuuza zikomo. Misozi inalengeza. Tsiku lomwelo anatenga hamala n'kuzula misomali ya bokosi. Anadziuza kuti kapena, akachepetsa moto wa makina mpaka kumapeto, akatenga kamtengo kowonda kwambiri, khasu limodzi lokha kainjini kangalipirire.

Anamanga chisakasa pambali pa nyumba, anapachika mphasa mbali ya kubwalo, anakoka mawaya. Loweruka masana injini inabwera pamtengo, a Kaliati ali patsogolo atavala jekete ya ukapitawo, thukuta lili chuchuchu. Mudzi wonse unasonkhana. Simeoni atatulutsa chigoba chophimba kumaso, chakuda, chokhala ndi kagalasi kamodzi, ana anathawa.

"Kodi ku Buluwayo nakonso kuli dambwe?" anaseka a Kaliati, anthu n'kugwa nacho chikhakhali.

"Ndimvereni, makolo," anatero Simeoni. "Ndikatsitsa chigoba ichi kumaso, aliyense ayang'ane kumbali, kapena akhale kuseri kwa mphasa. Moto uwu suyang'anidwa. Umalowa m'maso mwakachetechete, umadzaluma pambuyo."

Kenaka ananong'oneza mkazi wake: "Amayi mwawauza?"

"Amayi angabwere pamene pali inu? Ali m'nyumba mwawo akupeta mapira."

A Kaliati anapukusa. Injini inalira gugugu, iwo n'kuyang'ana anthu monyadira. Simeoni anatsitsa chigoba, anagunditsa kamtengo pakhasu. Kuwala kunang'anima, koyera mopita kobiriwira, ndipo pomwepo injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, kamtengo kanakakamira pachitsulo, moto zii. Anakweza chigoba, anathyola kamtengo, a Kaliati anapukusanso. Anatsitsa chigoba. Kung'anima, kutsokomola, zii. Anayesa kachitatu, kachinayi, kachisanu. Thukuta linkalowa m'maso, mtima ukuuza manja kuti lekani, koma khasu lija linali pamaso pake ndipo sanathe kulisiya. Ulendo wa khumi kunamveka fungo la waya wopsa, ndipo injini ija sinalirenso ngakhale a Kaliati anapukusa mpaka jekete inang'ambika kukhwapa.

Pakhasu panali timibulu takuda ngati zitosi za nkhuku. Simeoni atalinyamula, chidutswa china chinagwera pansi.

Anthu anaseka, ena mobisa, ena mosabisa. A Kaliati sanaseke. "Makina anu andiphera injini," anatero, n'kuchoka osatsazika. Veronika anagwira dzanja la Kadzuwa n'kulowa m'nyumba, osanena kanthu, ndipo kusanena kanthuko kunamupweteka Simeoni kuposa kuseka kwa mudzi wonse. Anatsala yekha m'chisakasa, atakhala pabokosi lopanda kanthu, mpaka nkhuku zinalowa.

Kutacha Lamulungu, anthu asanayambe ulendo wa ku Misa ku Mua, kuseri kwa mpanda kunamveka kubuula. Veronika anathamangirako. Posachedwa anabwerera akulira, mpango uli m'manja.

"Amayi sakuona. Maso atupa, afiira psu, misozi ikungoyenda. Akuti muli ngati mwathiridwa mchenga. Nditatsegula chitseko anakuwa kuti kuwala kukuwabaya."

Simeoni anaimirira. Matenda amenewo ankawadziwa. Anamugwirapo kawiri ku Buluwayo ali wophunzira, ndipo amadza ndi njira imodzi yokha. Anayang'ana chisakasa, anayang'ana mpanda wa bango. Mbali ya kubwalo anapachika mphasa. Mbali ya kumpanda sanapachike kanthu, poti kumeneko kunalibe munthu woti n'kuyang'ana. Pakati pa bango panali kampata kokwana zala ziwiri.

A Kaliati anafika ndi chigulu cha abale, ndodo ili m'manja. Nthabwala za dzulo zinali zitatha.

"Iwe Simeoni," anatero, ulemu wa akamwini atautaya, "dzulo wandiphera injini, ndakhala chete. Lero wamupha maso mlongo wanga. Unaika chiyani pakhasu lake?"

"Sindinaike kanthu, bambo. Maso amenewo achira, si khungu ayi. Amatero munthu akayang'ana moto uja."

"Akayang'ana?" A Kaliati anasendera pafupi. "Tonse tinali pabwalo, maso athu ali bwinobwino. Mlongo wanga anali m'nyumba mwake. Ukufuna kunena kuti chiyani? Kuti mai wamkulu, mai wa mkazi wako, anasiya mapira ake n'kumakusuzumira iwe pampanda ngati kamtsikana? Nena, timve tonse."

Kubuula kuja kuseri kwa mpanda kunaleka, ndipo Simeoni anadziwa kuti apongozi ake akumva. Mawu amodzi okha akanamupulumutsa. Koma mawu amenewo akanawavula mai aja pamaso pa mbumba yonse, n'kumaimbidwa nyimbo pamtondo mpaka imfa yawo. Anadikira kuti kapena iwo eni anena. Kuseri kwa mpanda sikunatuluke liwu.

"Sindikutero, bambo," anatero Simeoni.

"Ndiye ndi mankhwala. Mumapita ku Buluwayo kukatenga zitsamba zolemerera, n'kudzayesera pa eni mudzi. Paja akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Tererekani lero lomwe. Tengani chilombo chanucho, mudzi uno muuiwale."

Veronika anagwada pamaso pa a Kaliati, misozi ili mbwembwembwe. "Atsibweni, chonde, mwanayu wangowaona dzana bambo ake. Tadikirani amayi ayambe achira."

"Ukasankha iye, upite naye. Mai ako akhungu uwasiyire mbuzi ziziwatsogolera."

Simeoni analowa m'nyumba kukamanga bulangete lake. Veronika anamutsatira n'kutseka chitseko.

"Tiyeni tonse, mai a Kadzuwa," anatero Simeoni. "Ku Limbe magetsi aliko. Ndikagwira ntchito, tikakhala."

"Ndiwasiye amayi ali chonchi? Ana awo onse anapita kumanda, ndatsala ndekha ine. Madzi awatungira ndani?" Anamugwira malaya pachifuwa n'kumugwedeza. "Bwanji simunanene kuti injiniyo siikwana? Munkadziwa, ndinakuonani nkhope. Bwanji munangokhala chete?"

"Ndine mkamwini."

"Ndinu mwamuna wanga. Ine mukanandiuza."

Simeoni anamuchotsa manja pang'onopang'ono. "Mverani bwino. Amayi akhale mumdima. Muziwaika kansalu konyowa ndi madzi ozizira, kakafunda musinthe. Asatikite. Wina aliyense asawathire kanthu m'maso, kaya ndi fodya, kaya ndi madzi a mizu, mukane ngakhale akutukwaneni. Masiku awiri, atatu, aona."

Amuna anayi omwe aja analisenzanso bokosi, koma ulendo uno sanapumule pamthunzi uliwonse. Kadzuwa anaima pakhonde chala chili m'kamwa. Simeoni anamukwezera dzanja, mwanayo sanakweze lake.

Sitima ya kumwera inkadutsa Lachitatu. Masiku atatu amenewo Simeoni anakhala pakhonde la siteshoni, msana atatsamira bokosi lake. Kutentha kwa Okutobala kunkavina pamwamba pa njanji. Amayi ogulitsa nsomba zouma ankabwera, ankapita, alimi ankatula mitolo ya thonje, ndipo panalibe amene anamufunsa kuti bambo mukupita kuti. Ku Buluwayo ankasungulumwa, inde, koma kumene kuja anali ndi mudzi woti aziulota. Tsopano mudziwo unali pafupi, utsi wake ukuoneka kuseri kwa milambe, ndipo iye analibe njira yopitirako. Ankadya chinangwa chowotcha. Kangapo anaganiza zoligubuduzira bokosi lija m'ngalande, koma manja ake analibe ntchito ina imene ankaidziwa.

Lachitatu m'mawa, belu la siteshoni litalira koyamba, anaona anthu atatu akubwera m'njira ya kumudzi. Patsogolo panali Veronika atasenza mtolo, pambuyo pake Kadzuwa, ndipo pambuyo penipeni mai wovala nsalu yabiriwira, dzanja atatchinga pamphumi, akuyenda yekha wopanda womugwira. Miyendo ya Simeoni inadziwa mwambo mutu usanaganize. Anadzambatuka kuti akabisale kuseri kwa thanki ya madzi.

"Akamwini, imani pomwepo."

Anaima. Aka kanali koyamba kumva mawu amenewo akulankhula kwa iye. Anali mawu aang'ono, osasa pang'ono. Anagwada, nkhope atalozetsa kunjanji.

"Tembenukani," anatero aNyamazizi. "Ndayenda mtunda wonsewu ndi maso obwereka, musandionetse nkhongo."

Anatembenuka. Anali mai wamfupi, wa mphini ziwiri patsaya, maso akadali ofiira koma otseguka. Anamuyang'ana Simeoni kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano, mosafulumira.

"Kani Kadzuwa mphunoyi anatengera kuno," anatero. Kenaka anakhala pansi, miyendo atatambasula, ngati ali pakhomo pawo. "Ndinayang'ana ndine. Dzulo maso atatseguka ndinamuitana Kaliati ndi mbumba yonse, ndawauza. Aziimba nyimbo pamtondo, ine ndakalamba, nyimbo siinditupitsa."

"Amayi, sikunali koyenera kuti munene."

"Inu munandisungira manyazi anga, n'kusenza mlandu wa ufiti. Ine ndinakhala chete tsiku lija, ndipo kukhala chete kumeneko kwandiwawa kuposa maso. Mukudziwa chimene ndinayang'anira? Ndinkafuna kuona manja amene akugwira khasu la mwamuna wanga. Nditasuzumira ndinapeza mwavala chigoba, ndiye ndinati, aa, nkhope yaphimbidwa, apa palibe mwambo wothyoka. Mukatsitsa chigoba, ine diso pampanda. Mukakweza, ine mutu pansi. Kakhumi konse, osaphonya. Ndinkadziyesa wochenjera."

Veronika anaseka akulira. Simeoni anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka ndi misozi, ndipo sanaipukute.

"Kaliati wati mukhoza kubwerera," anapitiriza aNyamazizi. "Sananene ndi pakamwa ponse, koma wanena. Injini yake waifunditsanso mphasa, nkhuku zabwereramo."

Simeoni anayang'ana kumene kunali utsi wa mudzi. "Zikomo, amayi. Ndibwerera. Makinawa ndiwasunga, ndizilima."

"Bodza," anatero mai aja mosakweza mawu. "Ine maso ndiwo anadwala, makutu ayi. Ndinakamva kainjini kaja kakutsokomola. Kaliati wandiuza za mababu anu zana. Mudzi uno moto umenewo ulibe, ndipo sudzakhala nawo ine ndili moyo. Mudzalima chaka chimodzi, chachiwiri manja adzayamba kuyabwa, chachitatu mudzakwera sitima nokha. Ine ndinamuona mwana wangayu akuthera pakhonde, akuyang'ana njira zaka zisanu ndi chimodzi. Sindifuna kuonanso zimenezo ndi maso amene ndabwezeredwawa. Mtengeni. Mupite naye kumene kuli moto wokwana."

"Amayi," anatero Veronika, "ndakuuzani m'njira monse kuti ine sindingakusiyeni."

"Ndipo ine ndakuyankha m'njira monse. Mtolowo wamanga ndani, si ine?"

"Nanga atsibweni?" anafunsa Simeoni. "Mbumba ndi yawo."

"Mbumba ndi yake, koma mimba inali yanga."

"Madzi akutungirani ndani?"

"Chitsime sichinasamuke."

Belu linalira kachiwiri. Kumpoto, kumbali ya Chipoka, utsi wa sitima unayamba kuoneka. ANyamazizi anamasula kathumba kamene anabereka kumsana n'kutulutsa zidutswa ziwiri za khasu zija, zomangidwanso ndi luzi latsopano. Sanapatsire Veronika kuti apereke, monga mwa masiku onse. Anatambasula manja awo awiri kwa Simeoni mwini wake.

"Ntchito yanga simunaimalize, akamwini. Mukalilumikize kumeneko. Koma musalitumize ndi munthu, musalikweze sitima lokha. Mudzabwere nalo ndi manja anu, awa awiri ali pambuyo panu, ndidzalilandire ndikukuonani."

Simeoni analandira ndi manja awiri, atagwada. Anafuna kunena zambiri, za Buluwayo, za kachipinda ka malata, za mmene ankaganizira kuti amamuda. Chimene chinatuluka ndi chimodzi chokha: "Ndamva, amayi."

Sitima inafika ndi phokoso lake, anthu anapiringizana. Bokosi linakwezedwa m'ngolo ya katundu. Veronika anawakumbatira mai ake akulira mokweza, mpaka iwo anachita kumukankha kuti akwere. Kadzuwa anakakamira nsalu yabiriwira ija, ndipo agogo ake anamumasula chala chimodzichimodzi n'kumunyamula, n'kumupereka pawindo m'manja mwa bambo ake. Mwanayo anaumitsa thupi, koma sanathawe, poti pothawira panalibe.

Sitima itayamba kuyenda, aNyamazizi sanapatukire kumbali, sanagwetse nkhope. Anaima pomwepo, dzanja lili pamphumi, akumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, ndipo iye anawayang'ananso mpaka anachepa, nsalu yokha n'kumaoneka pakati pa mitolo ya thonje. Kenaka anawaona akutembenuka, akulowa njira ya kumudzi okhaokha, kumsana kulibe kanthu.

Anadutsa milambe, anadutsa minda yotentha imene anthu anali atayamba kale kusosa. Kadzuwa ankayang'ana zitsulo ziwiri zimene zinali pamiyendo pa Simeoni. Atayandikira Golomoti anakhudza mpini uja ndi chala.

"Ili ndi khasu la agogo," anatero. Aka kanali koyamba kumulankhula. "Nanga mvula ikagwa alimira chiyani?"

Veronika anabisa nkhope mumpango. Simeoni anasuzumira pawindo n'kuyang'ana kumwamba, kumapiri a Dedza. Mitambo inali isanayambe kusonkhana, koma siinali kutali.

"Tibwera nalo isanagwe," anatero, n'kulimbitsa mfundo ya luzi lija.